Ngozi ikagwa kutali ndi chipatala: momwe mungathandizire wovulala, ndi komwe mungaphunzire ntchitoyi

Pamsewu wa M1 pakati pa Chinkhoma ndi Nkhamenya, kapena kumidzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu komwe kunabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, amene amayamba kufika pa ngozi si dokotala. Amakhala wakabaza, mayi wogulitsa tomato, kapena mlimi wochokera kudimba. Kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, pomwe munthu amene wadulidwa mtsempha waukulu wa pantchafu amatha magazi m'mphindi zochepa chabe. Ntchito ya wothandiza woyamba ndi kusunga moyo wa munthuyo mpaka akafike m'manja mwa achipatala.

Yambani ndi kudziteteza. Ikani nthambi zamasamba pamsewu mbali zonse ziwiri, patali ndithu kuti lole ithe kuima. Zimitsani injini ya galimoto yochita ngoziyo. Ngati ndi njovu kapena njati yavulaza munthu, musayandikire kufikira mutatsimikiza kuti yapita. Valani magolovesi, pakasowa, majumbo awiri osabooka amagwira ntchito. Pofuna woimba foni musakuwe kuti "wina ayimbe", chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale. Lozani munthu mmodzi: "Achimwene a malaya ofiira, imbirani chipatala, muwauze malo ndi kuchuluka kwa ovulala."

Ovulala akakhala ambiri, musathamangire amene akulira kwambiri. Wolira akupuma. Pitani kwa amene wangoti zii, ndi amene magazi akutumphuka.

Magazi otumphuka ndiwo oyamba. Pindani chitenje choyera, chiikeni pabala, ndipo kanikizani ndi mphamvu zanu zonse kwa mphindi 10 osasuzumira. Ambiri amalakwitsa apa: amatukula nsalu kuti aone ngati magazi asiya, ndipo potero amachotsa magazi amene anayamba kuundana. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba. Bala lakuya la m'mphechepeche kapena m'khwapa lilowetseni nsalu mkati mpaka lidzaze, kenako kanikizani. Chitsulo kapena mtengo wolasa m'thupi usazulidwe. Uchirikizeni ndi nsalu mbali ndi mbali.

Magazi akakanika kusiya pa mwendo kapena mkono, mangani. Pindani chitenje chikhale chotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, chizungulizeni kawiri masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, osati pa bondo kapena chigongono. Mangani mfundo imodzi, ikanipo kamtengo kolimba kapena sipanala, mangani mfundo ina, ndipo potokolani mpaka magazi asiye. Zimapweteka kwambiri ndipo wovulala adzakupemphani kuti mumasule. Musamasule. Lembani nthawi imene mwamanga pa mkono wake kapena pamphumi. Malegeni omangira katundu pa njinga, waya ndi chingwe chopyapyala n'zosayenera: zimacheka mnofu ndi mitsempha. Kumanga mofooka nakonso n'koopsa, chifukwa kumatseka mitsempha yobweza magazi kumtima koma yobweretsa ikugwirabe ntchito, ndiye bala limatuluka magazi ambiri kuposa poyamba.

Kenako kupuma. Muitaneni, mugwedezeni paphewa pang'ono. Akapanda kuyankha, kwezani chibwano chake, ikani khutu pafupi ndi pakamwa pake mukuyang'ana chifuwa kwa masekondi 10. Wokomoka amene akupuma mugonekeni cham'mbali, nkhope itayang'ana pansi pang'ono, kuti masanzi ndi magazi zituluke. Wogona chagada amatsamwitsidwa ndi lilime lake lomwe kapena masanzi, ndipo kuliza mkonono kwa munthu wovulala mutu ndi chizindikiro cha zimenezo, si tulo ayi. Ngati sakupuma konse, ikani manja awiri pakati pa chifuwa, kanikizani mozama masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo mukakwanitsa 30 mumuuzire mpweya kawiri. Sinthanani mphindi ziwiri zilizonse, manja amatopa msanga.

Musampatse madzi, thobwa kapena chakudya, ngakhale adandaule ludzu. Akhoza kutsamwa, komanso mwina akufunika opaleshoni. Musamuthirenso madzi ozizira kuti atsitsimuke. Thupi likazizira magazi amavuta kuundana. Mufunditseni.

Kunyamula ndi kumene anthu achifundo amawononga zambiri. Timaziona: anayi agwira manja ndi miyendo, mutu ukulendewera, n'kumuponya kumbuyo kwa matola. Munthu amene wagwa pa njinga yamoto, akumva ululu pakhosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, angathe kulumala moyo wake wonse chifukwa cha kanyamulidwe kotere. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, ndipo iyeyo ndiye aziwerenga. Ena atatu amutembenuze nthawi imodzi ngati chipika n'kumuika pa chitseko kapena thabwa. Helimeti isavulidwe pokhapokha ikumutsekereza kupuma. Kwa amene msana uli bwino, machira amapangika ndi matumba awiri a makilogalamu 50: boolani ngodya zam'munsi, lowetsani nsungwi ziwiri zolimba, ndipo yambani mwayesa ndi munthu wabwinobwino. Fupa lothyoka musaliwongole. Limangeni pa nsungwi kapena katoni yopinda, kuyambira kumtunda kwa mfundo (polumikizira mafupa) ya pamwamba mpaka kupitirira ya pansi, kenako gwirani zala muone ngati zikadali zofunda.

Wolumidwa ndi njoka, monga mphiri, musamuteme mphini, musayamwe bala, musamange mwamphamvu. Muvuleni mphete ndi zibangili dzanja lisanatupe, mangani chiwalocho pa kamtengo kuti chisagwedezeke, ndipo mumunyamule, asayende yekha. Kufunafuna njokayo n'kutaya nthawi. Wopsa ndi moto kapena phala, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano zimangobweretsa mafinya.

Mukafika kuchipatala nenani mwachidule zinthu zinayi: chachitika n'chiyani, nthawi yanji, mwaona zotani, mwachitapo chiyani.

Zonsezi sizilowa m'manja powerenga pokha. Bungwe la Malawi Red Cross Society ndi la St John Ambulance amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo mukhoza kupempha maphunziro ngati gulu, kaya la akabaza a pa siteji imodzi, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kapena ogwira ntchito pa esiteti, kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu. Gulu lizikumana miyezi itatu iliyonse kubwereza kumanga ndi kunyamula, apo ayi luso limaiwalika.

Wofuna kuti ikhale ntchito yake alimbikire Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi pa MSCE. Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) monga Malamulo amaphunzitsa ma clinical officer ndi anamwino, amene ndiwo amalandira ovulala ambiri m'zipatala za m'maboma. Udokotala umaphunziridwa ku Kamuzu University of Health Sciences. Mukamaliza mumalembetsa ku Medical Council of Malawi, kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati ndinu namwino. Muli pantchito, funsani za maphunziro a ETAT, njira yosankhira ana odwala mwakayakaya kuti athandizidwe msanga, imene inakulira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kachikwama ka gulu ka zipangizo zothandizira ovulala sikafuna ndalama zambiri: magolovesi mapeyala 10, mabandeji 6, zitenje ziwiri zochapa, sizasi, tochi, bulangeti, cholembera, ndi pepala la manambala a foni a chipatala chapafupi ndi apolisi. Kasungidwe kwa munthu amene amapezeka pa siteji tsiku lonse, osati m'nyumba yokhoma ya wapampando.