Musanaponde kiki, yambani mwazunguza injini ndi dzanja

Mvula ikakhwima muno mu Blantyre, njinga zamoto zambiri za kabaza zimafera pa chinthu chimodzi. Munthu wadutsa pamadzi osefukira ku Ndirande kapena m'mbali mwa Mudi, njinga yazima, iye n'kuyamba kuponda kiki ndi mphamvu zake zonse. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Akalowa pamwamba pa pisitoni ndipo inu n'kukakamiza, chimene chimagonja ndi konirodi, chitsulo chogwira pisitoni kunsi kwake, ndipo chimapindika. Ambiri anaziona izi pambuyo pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023. N'chimodzimodzinso njinga yomwe yakhala miyezi pakhonde osalira: dzimbiri limakhala litagwira maring'i a pisitoni, oyilo yense atatsikira pansi. Njinga yotere iyambe yazunguzidwa ndi dzanja, pang'onopang'ono, kuti mumve zomwe zili m'kati.

Ikhazikeni pa sitandi yapakati, pamalo osaterera, ndipo injini izizire kaye. Tsekani petulo, chotsani kiyi muike m'thumba. Musadalire kuti mwazimitsa basi, chifukwa pa siteji sipasowa mnzanu wofuna kuthandiza amene angadine sitata zala zanu zili pa injini. Giya ikhale pa nyutulo.

Kenako masulani pulagi. Pukutani kaye fumbi lozungulira pamenepo kuti mchenga usagwere m'bowo. Pulagi ikachoka mpweya umapeza potulukira, injini imapepuka ndipo siingakubwezereni sipanala padzanja. Waya wa pulagi muuike patali ndi bowolo, pakuti m'menemo mumatha kutuluka nthunzi ya petulo, ndipo kamoto kakang'ono n'kokwanira kuyatsa. Wosuta fodya aime kutali.

Pa njinga zambiri za 125cc ndi 150cc zomwe zili m'misewu yathu, kumanzere kwa injini kuli tizivundikiro tiwiri tozungulira. Chachikulu, chapakati, chimabisa nati ya magineto, gudumu lachitsulo lozungulira limodzi ndi injini. Chaching'ono, chapamwamba, ndi poonera zizindikiro. Lowetsani sipanala ya soketi yokwana bwino pa natiyo, kawirikawiri 14 kapena 17, ndipo zunguzani mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Ndiko kumene injini zambiri zamtunduwu zimalowera zikamalira, koma ngati buku la njinga yanu lilipo, tsatani la m'bukulo. Kubwerera m'mbuyo si kwabwino, makamaka pa injini yokhala ndi tcheni cham'kati choyendetsa mavavu, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu injini.

Apa ndi pamene ndikufuna mudekhe mtima. Injini yabwino imazungulira mosalala, kumalemera pang'ono pena, kenako n'kupepuka. Mukatseka bowo la pulagi ndi chala, osachilowetsa m'kati, mumva mpweya ukuchikankha kamodzi pa maulendo awiri alionse amene magineto yazungulira. Pamenepo pisitoni ikukwera mavavu onse ali otseka. Mukasuzumira pa kabowo kakang'ono kaja muona chilembo T chikufika pa kamzere: pisitoni yafika pamwamba penipeni, ndipo amakaniko amayezera mavavu pomwepo, injini ili yozizira. Koma mukamva kuti gwa, yaima, lekani. Musatenge paipi kuti mutalikitse sipanala. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata akulendewera pa sipanala, chifukwa mphamvu imeneyo imamasula nati ya magineto, kupinda vavu kapena kuthyola ring'i. Ngati mukuganiza kuti ndi dzimbiri, thirani supuni imodzi ya oyilo wa injini pabowo la pulagi, igone usiku, mawa muyesenso mofatsa. Ikakanabe, kapena mukamva chitsulo chikugogoda chinzake, ikankheni mpaka kwa makaniko.

Wopanda soketi angathe kukankha kiki ndi dzanja pang'onopang'ono, pulagi itachoka. Njira ina ndi kuika giya yomaliza n'kumazunguza tayala lam'mbuyo molowera kutsogolo. Gwirani pa labala, osati pa masipoko, ndipo zala zisayandikire tcheni, chifukwa mano a sipuloketi amadula chala ngakhale injini isakulira.

Ngati njinga inamwa madzi, nkhope yanu isakhale pamwamba pa bowo la pulagi, madziwo amatuluka mothamanga. Zunguzani mpaka asiye kutuluka. Onani fyuluta ya mpweya, khuthulani kabuleta, kenako sololani kandodo koyezera oyilo. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi, ndipo musailize njingayo musanamusinthe. Ndikudziwa kuti tsiku lopanda makasitomala limawawa, makamaka ngati njinga ndi ya bwana woyembekeza ndalama madzulo, koma botolo la oyilo silifika pamtengo wa kuphwasula injini yonse.

Pobwezera pulagi, yambani kumanga ndi zala mpaka ikhale, sipanala ibwere pomaliza ndipo musalimbitse mopitirira. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kudyeka. Bwezeraninso tizivundikiro tija ndi timphira take, ndipo onetsetsani kuti sipanala mwaichotsa pa magineto musanabweze kiyi.