Mmene mungaphunzirire kudziteteza kwa munthu wa mpeni, osadzinamiza

Mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok atipusitsa mokwanira abale anga. Wa mpeni akubwera pang'onopang'ono, kochi wagwira dzanja, wapotokola, mpeni uli pansi, anthu akuwomba m'manja. Zimenezo ndi za mu jimu basi. Chigawenga chenicheni chimakugwira malaya ndi dzanja limodzi kwinaku linalo likubaya mobwerezabwereza, mwachangu, ndipo ambiri amene anabayidwapo poyamba amangoyesa kuti amenyedwa chibakera, amadzazindikira ataona magazi. Ndiye ngati mwatsimikiza kuphunzira, yambani motere.

Choyamba, phunzitsani mutu wanu kupereka. Akafuna foni, chikwama kapena njinga ya kabaza, mpatseni. Ponyani chinthucho mbali ina inu nkuthawira kwina uku mukukuwa kuti wakuba. Izinso muziyeserera ndithu pa tireningi, chifukwa mantha akakugwira thupi limachita zomwe linazolowera.

Chachiwiri ndi mtunda. Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City ku America, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wa mpeni amene ali pa mafiti 21, omwe ndi mamita 6 ndi kakuti, atha kukufikira mu sekondi imodzi ndi theka. Yesani ndi mnzanu pabwalo muone nokha. Chomwe muziyeserera apa ndi miyendo: osabwerera chambuyo molunjika chifukwa wothamangira kutsogolo amakupeza ndipo ukhoza kupunthwa, koma kupatukira kumbali, kuika galimoto, benchi kapena tebulo pakati pa iwe ndi iye, mpata ukapezeka liwiro.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe pali phunziro lenileni, ndi masewera a marker. Valani tisheti yakale yoyera, mnzanu atenge marker yofiira m'malo mwa mpeni, ngati muli ndi magalasi otetezera maso valani, ndipo mugwirizane kuti kumaso ndi kukhosi kulibe kumenya mwamphamvu. Muyambe pang'onopang'ono, kenako mumuuze kuti akuukireni ndi mtima wonse kwa masekondi 10, asamakuthandizeni, asamaimitse dzanja m'malere kudikira kuti mugwire. Mukatha yang'anani tisheti ija ndi mikono. Mzere uliwonse ndi bala. Ine ndimaona kuti kochi amene amakana kuyesa njira zake ndi marker sakuyenera kulandira ndalama yanu, ngakhale atavala lamba wakuda. Mubwereze poyesa kulanda mpeni, kenako mubwereze pongotchinga nkuthawa, muwerenge mizere, mudzaona nokha njira yomwe ikukusiyani ndi moyo. Muzisinthanso malo, tsiku lina mumdima, tsiku lina pakona ya khoma, tsiku lina mutanyamula katundu.

Chachinayi, zolowerani kugwiritsa ntchito chomwe chili pafupi. Chikwama cha kumsana chikhale kutsogolo ngati chishango, mpando, ambulera, jekete yokulunga pamkono, ngakhale mchenga woponya kumaso. Koma zoyenda ndi mpeni wanu m'thumba ayi, mumangowonjezera mwayi woti wina afe, ndipo akhoza kukhala inuyo kapena mukathere kundende.

Nanga mwapanikizidwa, kothawira kulibe, kapena muli ndi mwana? Chibwano pansi, manja m'mwamba kuteteza khosi ndi chifuwa, kunja kwa mkono ndiko kuyang'ane mpeni chifukwa mitsempha ikuluikulu ili mkati. Mukagwira, gwirani mkono wa mpeniwo ndi manja onse awiri nkuukanikiza, osati kulimbana ndi mpeni weniweniwo, mumenye ndi bondo kapena mutu, mumukankhe, muthawe. Musapite naye pansi. Ndipo dziwiranitu kuti mwina muchekedwa ndithu, cholinga ndi choti bala lisakhale la pakhosi kapena pamimba.

Za kochi: masewera omwe amalimbana kwambiri ndi zida ndi Arnis ya ku Philippines, ena amati Kali kapena Eskrima, komanso Krav Maga ya ku Israel. Mukapanda kupeza wophunzitsa zimenezi musadandaule, nkhonya, judo, karate kapena taekwondo zikupatsani miyendo yachangu, mpweya komanso kuzolowera kugundidwa osasokonezeka mutu. Muzithamanganso ma sprint afupiafupi sabata iliyonse.

Chomaliza anthu amachidumpha koma nchofunika zedi, kuletsa magazi. Mukathawa dzifufuzeni thupi lonse, m'khwapa ndi kumsana komwe. Bala mulikanikize mwamphamvu ndi nsalu yoyera, chitenje kapena malaya, ikanyowa onjezerani ina pamwamba osachotsa yoyambayo. Mpeni ukatsalira m'thupi musauzule, kanikizani m'mbali mwake. Wovulalayo musampatse chakudya kapena madzi chifukwa mwina akufunika opaleshoni, thamangirani naye kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono, mpeni umawononga mkati. Kupolisi mukanene pambuyo pake.