Zithunzi za mabwato usiku zinkatuluka zogwedezeka

Ndinkajambula mabwato usiku ndili pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, kamera itatsegula kwa masekondi 20. Magetsi onse ankatuluka okhotakhota ngati nyongolotsi. Ndinalimbitsa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), ndinasintha ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala), koma ayi ndithu.

Vuto linali mlatho womwewo. Ndi wolendewera pa zingwe, ndiye galimoto ikangodutsa umanjenjemera. Ndinatsikira m'mphepete mwa Zambezi n'kukhazika tripod pamwala, osati pamchenga, chifukwa miyendo yake imamira pang'onopang'ono. Kenako ndinazimitsa stabilizer (chida chochepetsa kugwedezeka kamera ikakhala m'manja), n'kuika ISO 100, f/8 (kukula kwa bowo lolowera kuwala) ndi timer ya masekondi 2 kuti chala chisagwedeze kamera.

Bwato lomangirira limavinabe ndi madzi, choncho ndinaliwunikira ndi tochi kamphindi kochepa chabe. Sindinawononge ngakhale metikali imodzi, kupatula magazi amene udzudzu unandiyamwa.