Momwe mungathandizire kafukufuku wa nyenyezi muli konkuno ku Zomba

Zithunzi zimene matelesikopu a Hubble ndi James Webb amajambula ali kuthambo sizibisidwa. Asayansi amene anapempha kuti malo enaake ajambulidwe amapatsidwa nthawi yoti ayambe aziunika okha, kawirikawiri yosaposa chaka, kenako zonse zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense atenge kwaulere. Mwana wa sukulu wa ku Chinamwali ali ndi ufulu wofanana ndi wa pulofesa wa ku Baltimore ku America, kumene kuli nkhokwe ya zithunzizi. Chimandiwawa n'chakuti ambiri kuno timangoziona pa Facebook, n'kunena kuti n'zokongola, basi n'kupitirira. Chonsecho pali ntchito yeniyeni imene munthu angagwire ndi foni yake yomweyo.

Yambani ndi maso anu

Musathamangire pa intaneti. Sankhani usiku wopanda mwezi pakati pa April ndi June, mvula itatha koma utsi wa moto wolusa usanadzaze mlengalenga. Chokani pamene pali magetsi ambiri. Kukwera ku Chawe n'kwabwino ngati mungathe, koma ngakhale bwalo la mpira la cha ku Thondwe kapena ku Namadidi likwanira. Pitani awiri kapena atatu, ndipo tengani juzi, kuzizira kwa June kuno mukukudziwa. Khalani mumdima mphindi 20 osayang'ana foni, kuti maso azolowere.

Ndiyeno yang'anani kumwera. Mukakhala m'tauni, phiri likhale chakumbuyo kwanu. Chapakati pa pansi ndi pamwamba penipeni muona nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndipo mbali imodzi ya mtandawo kuli nyenyezi ziwiri zowala kwambiri zimene zimaulozera. Yowala kopambana pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Tsopano pitani mbali inayo ya mtanda, yosiyana ndi kumene kuli ziwiri zija. Tambasulani mkono, kungani chibakera, muyeze chibakera chimodzi ndi pang'ono kuchokera pa mtandawo. Pamenepo, mkati mwa mlalang'amba, pali kachigamba kotuwa ngati utsi. Ndi Carina Nebula, mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi momwe nyenyezi zatsopano zikubadwira. Kuwala kumene mukuonako kunanyamuka zaka pafupifupi 7,500 zapitazo. Wa ku London sangaone zimenezi ali kwawo, chifukwa kumeneko Carina satuluka n'komwe. Ngati mtanda ukukuvutani kupeza, pulogalamu yaulere ya Stellarium ikusonyezani, bola muiuze kuti muli ku Zomba.

Pezani malo omwewo m'maso mwa telesikopu

Mawa lake tsegulani ESASky, tsamba la bungwe la za kuthambo la ku Ulaya, pa sky.esa.int. Pamalo ofufuzira lembani NGC 3324. Awa ndi malo a m'mphepete mwa Carina, ndipo ndi amodzi mwa amene anali pa zithunzi zoyamba za James Webb zimene zinatulutsidwa pa 12 July 2022, chithunzi chija chooneka ngati mapiri ofiirira pansi pa thambo labuluu. Si mapiri ayi. Ndi khoma la fumbi ndi mpweya limene likukokoloka ndi kuwala kwamphamvu kwa nyenyezi zazikulu zongobadwa kumene, ndipo nsonga zake zazitali kuwala kumatenga zaka pafupifupi 7 kuti kuzidutse. Pa ESASky mungasinthe kuti muone malo amodzimodziwo monga anajambulidwira ndi makina osiyanasiyana, ndiponso muona timizere tosonyeza pamene telesikopu iliyonse inaloza.

Apa m'pofunika kumvetsa kusiyana kwa makina awiriwa. Hubble anaponyedwa mu April 1990, amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500, ndipo galasi lake ndi la mamita 2.4. Iye amaona kwambiri kuwala kofanana ndi kumene maso athu amaona. James Webb anaponyedwa pa 25 December 2021 kuchokera ku Kourou ku South America, ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera pa dziko lapansi, ndipo galasi lake la mamita 6.5 linapangidwa ndi zidutswa 18 zokutidwa ndi golide. Iye amaona kuwala kwa infrared, kumene maso a munthu saona koma kumadutsa m'fumbi. N'chifukwa chake pamene Hubble akuona mtambo wakuda bii, Webb amaona tinyenyezi tili mkati mwake. Kuwala kochokera ku milalang'amba (magulu aakulu a nyenyezi zambirimbiri) yakutali kwambiri nakonso kumafika kuno kutatamuka n'kusanduka infrared chifukwa chilengedwe chikufutukuka, choncho Webb amaona zakale kuposa mnzakeyo.

Ena akamva kuti mitundu ya pa zithunzi za Webb imachita kuikidwa amati ndiye kuti n'zabodza. Sizoona. Kamera imajambula kangapo, ulendo uliwonse kudzera m'sefa yosiyana, ndipo chithunzi chilichonse chimatuluka chakuda ndi choyera. Poti kuwala kumayenda ngati mafunde, okonza amapatsa mtundu wofiira kuwala kwa mafunde aatali, wabuluu kwa mafunde aafupi, n'kuziphatikiza. Mtundu uliwonse ukuimira chinthu chimene chinayezedwadi.

Gwirani ntchito pa Galaxy Zoo

Gawo limene ndimalikonda ndi ili. Pitani pa zooniverse.org, lembetsani dzina kwaulere, n'kufufuza Galaxy Zoo. Ntchitoyi inayamba mu 2007 chifukwa milalang'amba yojambulidwa inachuluka kuposa asayansi oti aiunike, ndipo kuyambira nthawiyo anthu wamba akhala akuunika zithunzi zochokera ku makina osiyanasiyana, kuphatikizapo Hubble, Webb ndi Euclid, telesikopu ya ku Ulaya imene inaponyedwa mu July 2023.

Akusonyezani mlalang'amba umodzi pakati pa chithunzi n'kukufunsani mafunso achidule m'Chingerezi chosavuta, okhala ndi tizithunzi tothandiza. Kodi ndi wosalala, kapena uli ndi maonekedwe enaake? Uli ndi mikono yopindika, ingati? Pakati pake pali mzere wowongoka? Ukugundana ndi unzake? Werengani kaye malangizo a pambali musanayankhe koyamba. Mayankhowa ali ndi ntchito: mlalang'amba wa mikono yopindika nthawi zambiri umakhala ukuberekabe nyenyezi, pamene wosalala wozungulira umakhala ndi nyenyezi zokalamba, ndiye kuwerenga mitundu iwiriyi pa mitunda yosiyana kumasonyeza mmene milalang'amba yasinthira m'zaka mabiliyoni.

Yankhani zimene mukuona, osati zimene mukuganiza kuti akufuna. Chithunzi chilichonse chimaonedwa ndi anthu ambiri ndipo mayankho amaphatikizidwa, moti kusagwirizana kwa anthu nakonso kumawauza asayansi kuti chinthucho n'chovuta. Chimene sindikondwera nacho n'kudina mothamanga pofuna kuchulukitsa nambala. Ndi bwino kuunika 20 modekha kusiyana ndi 200 mwachisawawa, makamaka poti mayankho anu amagwiritsidwanso ntchito pophunzitsa makompyuta kuzindikira milalang'amba.

Mukaona chachilendo, musachidutse. Pali malo okambirana pomwe mungafunse. Mu 2007 mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, anafunsa za kachinthu kachilendo pafupi ndi mlalang'amba wa IC 2497. Kanapezeka kuti ndi mtambo waukulu wa mpweya umene unawalitsidwa ndi pakati pa mlalang'ambawo kale, pasanazilale, ndipo pambuyo pake Hubble anaujambula. Mpaka lero umadziwika ndi dzina lake.

Kwa amene akufuna kulowa mozama

Ophunzira a physics ku University of Malawi ku Chirunga, ngakhalenso aphunzitsi a sekondale amene ali ndi laputopu, angatenge mafayilo enieni amene asayansi amagwiritsa ntchito. Tsegulani mast.stsci.edu, lembani NGC 3324, musankhe JWST ndi kamera ya NIRCam. Muona mayina ngati F200W ndi F444W. Amenewa ndi masefa aja, ndipo nambalayo ikunena kutalika kwa mafunde, mamaikiromita 2 ndi 4.4. Tengani mafayilo othera ndi i2d.fits, amene anakonzedwa kale, n'kuwatsegula ndi pulogalamu yaulere ya SAOImage DS9. Poyamba muona mdima wokhawokha. Musataye mtima, sinthani Scale muike pa log kapena zscale, nyenyezi zitulukira. Mukatero tsegulani RGB frame, muike masefa atatu, la mafunde aatali pa mtundu wofiira ndi la aafupi pa wabuluu.

Samalani ndi bandulo, chifukwa fayilo imodzi ikhoza kudya mazana a MB kapena kuposa. Onani kukula kwake musanadine, tsitsani usiku kapena pamene pali Wi-Fi, ndipo mukhale gulu: mmodzi atsitse, enawo akopere pa fulashi. Galaxy Zoo yokha sidya data yambiri, moti kalasi yonse ingathe kusinthana foni imodzi, awiriawiri, wina akuyankha mnzake akumutsutsa.