Tayimingi ya moto pa injini yampikisano: musaonjezere mwachimbulimbuli

Amakaniko anzanga ambiri okonza galimoto zampikisano amakhulupirira kuti injini ikamazungulira kwambiri, moto wa pulagi nawo uzingofulumizidwa osalekeza. Maganizo amenewa aswetsa mapisitoni ambiri, ndipo zimandiwawa chifukwa n'zopeweka.

Pomwe ayambira mpoona. Petulo sapsa kamodzin'kamodzi; moto umayambira pa pulagi n'kufalikira m'silinda monse. N'chifukwa chake pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni, kuti mphamvu yaikulu idzaikankhe itangoyamba kutsika, madigiri pafupifupi 15 kuchokera pamwambapo. Pa 1,000 rpm (injini ikamazungulira ka 1,000 pa mphindi), crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa, imayenda madigiri 6 m'kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma pa 6,000 rpm imayenda madigiri 36 m'kanthawi komweko. Motero moto uyeneradi kuyamba msanga liwiro likamakwera.

Chimene chimaiwalika n'chakuti pa liwiro lalikulu mpweya umalowa m'silinda movundukavunduka, ndipo moto umathamanga kwambiri mumpweya wotero. Injini zambiri zikadutsa 3,000 kapena 3,500 rpm sizifunanso kuonjezera madigiri amene moto umayambira pisitoni isanafike pamwamba. V8 yakale ya Chevrolet, ija ya small block, imakhutira ndi madigiri 34 mpaka 36 basi. Injini zamakono za mavavu anayi pa silinda zimapsereza petulo msanga, choncho zimafuna ochepa kuposa pamenepo.

Musanasinthe kalikonse, tsimikizani kuti nambala imene mukuwerenga ndi imene injini ikulandiradi. Pakani penti yoyera pa kamzere ka pa pule, tengani timing light, tochi imene imathwanima pulagi ikathetheka. Pa Toyota 4A-GE ya disitibyuta, lumikizani ndi kawaya timabowo ta TE1 ndi E1 m'kabokosi koyezera injini, ndipo muone madigiri 10. Ngati mwaika ECU (kompyuta yoyendetsa injini) yogula padera, itsekereni pa madigiri 10 omwewo, mnzanu aponde moto pang'onopang'ono mpaka 5,000 rpm inu maso ali pa pule. Kamzere koyerako kaime nji. Kakamasuntha liwiro likamakwera, sensa ikuchedwa kapena ECU sinauzidwe bwino; konzani zimenezo kaye, apo ayi ntchito yonse yotsatira ikhala yolota.

Kenako pitani pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Yambani ndi moto wochedwerako, muzionjezera digiri imodzi kapena awiri, n'kuyeza. Poyamba torque, mphamvu imene injini imapotokolera, imakwera moonekeratu, kenako pang'ono, kenako imaima. Ikaima, inunso imani, ndipo bwererani madigiri awiri. Kupitirira apo simupindula mphamvu iliyonse, mukungotopetsa mabeyaring'i ndi gasiketi.

Pa injini ya turbo mpamene ndimapempha chifatse chachikulu. Nthawi zambiri imayamba kugogoda musanafike n'komwe pomwe torque imaima. Kugogodaku si kunoka kuja timanena injini ikagwira. Ndi mpweya wotsala m'mbali mwa silinda kuphulika wokha moto usanaufikire, n'kumamveka ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Malo oopsa kwambiri ndi pomwe torque ili pachimake, chifukwa silinda imakhala yodzaza zedi. Pamenepo chepetsani madigiri, ndipo mukayandikira redline (malire a liwiro la injini), mpweya wolowa utayamba kuchepa, mutha kubwezeretsako pang'ono. Eni Subaru za EJ25 ya turbo amalidziwa vutoli: kachitsulo ka pakati pa maring'i a pisitoni kamathyoka.

Pa 6,000 rpm khutu lokha silingamve kugogodaku, ekizozi imaphimba zonse. Mangirirani kapaipi ka kopa pa buloko ndi bawuti, mulumikize kapayipi ka labala mpaka kumakutu, mumvetsere. Mukamaliza, masulani mapulagi muwayang'ane padzuwa. Timadontho takuda ngati tsabola, kapena tonyezimira, pa mbali yoyera ya pulagi tikusonyeza kuti pisitoni yayamba kudyeka.

Kuchedwetsa moto mopyola muyeso nakonso kumawononga. Petulo amapsera ku ekizozi, manifodi imafiira psuu, mavavu ndi turbo zimapsa.

Yezerani ndi petulo amene galimotoyo idzamwe tsiku ndi tsiku, osati wa octane yapamwamba (wosagogodetsa injini msanga) wongogula tsiku loyeza. Kumbukiraninso nyengo. Injini yoyezedwa m'mawa wozizira wa Juni ikhoza kugogoda masana a Okutobala, choncho uzani ECU izichotsa digiri imodzi kapena awiri mpweya wolowa ukatentha, ndipo muyezenso kutentha kukafika.