Mmene mungapezere anzanu a drama amene munasowana nawo, n'kuwachotsa pa TV tsiku limodzi

Aliyense amene anakhalapo mu gulu la drama, kaya la kusukulu nthawi ya mafesitivo a NATAAZ, bungwe la zisudzo la muno mu Zambia, kaya la kutchalitchi, kaya aja a mukomboni amene tinkazungulira m'misika ndi ng'oma kuchita masewero a Edzi ndi kolera, ali ndi munthu wake amene amadzifunsa kuti kodi uja anathera kuti. Tikakumana awiri atatu pa Playhouse, holo ya zisudzo ya mu Lusaka, nkhaniyi siilephera, timayamba bwinobwino ndi sewero lomwe taonera kenako wina amati koma uja ankasewera amfumu ali kuti masiku ano, wina ndinamva ali ku Solwezi kumigodi, wina ayi anabwerera kwawo ku Katete, basi nkhani yakhotera ku za pa TV dzulo usiku ndi zovala zomwe zatsala mubafa. Timabalalika popanda ngakhale mmodzi wotulutsa foni kufunsa. Ndiye ngati mukufunadi kuwapeza anthuwa osati kumangowatchula, mverani.

Musayambe ndi gulu la WhatsApp, chonde. Ndikudziwa ndi chimene chimabwera msanga m'mutu, koma gulu lotsegulidwa popanda tsiku lokumana limakhala ndi moyo sabata imodzi, anthu amapatsana moni, zithunzi zakale ziwiri zitatu, kenako ndi mavesi a m'mawa ndi wina wogulitsa nkhuku ndi mapafyumu, ndipo uja mumamufuna kwambiri amatuluka mwakachetechete. Gulu lidzabwera pambuyo. Manje tengani pepala ndi bolopeni.

Lembani onse amene mukuwakumbukira, ndipo apa mupeza vuto loyamba: ambiri simudziwa mayina awo enieni. Ife a drama timaitanana ndi mbali zomwe munthu ankasewera, uyu ndi Sing'anga, uyu Apongozi, uyu Kapaso, uyu Chidakwa ngakhale sanalawepo mowa. Lembani momwemo, pambali pake muikepo chilichonse chomwe mukukumbukira, komboni yomwe ankachokera, tchalitchi chake, sukulu, mchemwali wake amene ankagulitsa vitumbuwa pageti. Tinthu timeneti ndi timene timapeza munthu, dzina lokha silithandiza kwenikweni. Fufuzani m'masutikesi akale muja mumasunga masatifiketi, nthawi zina mumapezeka kapepala ka pulogilamu ya sewero kokhala ndi mayina onse a osewera, kapena chithunzi cholembedwa kumbuyo. Chijambuleni ndi foni pomwepo.

Facebook ndi yabwino koma musaiyembekezere kwambiri. Mukalemba Phiri kapena Banda kapena Tembo mu Lusaka muno mutuluka anthu osawerengeka, atsikana ambiri anasintha dzina atakwatiwa, ena amalemba mayina oti ngakhale amayi awo sangawazindikire, chithunzi n'cha maluwa kapena cha timu ya mpira. Chomwe chimagwira ntchito ndi kupita pa peji ya ana asukulu akale a sukulu yanu, kapena kupeza mmodzi yekha wa gulu lanu n'kuyang'ana amene amakomenta pa zithunzi zake za ukwati ndi za maliro. Pamenepo ndi pomwe anthu akale amaonekera.

Koma njira yeniyeni ndi ya miyendo. Gulu lililonse linali ndi munthu mmodzi amene amadziwa za aliyense, kawirikawiri si dairekita ayi, ndi amayi aja ankasunga makositiyumu kapena mnyamata wa ng'oma. Aphunzitsi amene anali a patironi a drama kilabu nawonso amasunga ana awo m'mutu modabwitsa, ngakhale anapuma ntchito mukawapeza adzakuuzani kuti uja ndi nesi, uja amayendetsa basi ya ku Chawama. Pitani kutchalitchi komwe munthuyo ankapemphera Lamulungu mapemphero akatha, funsani a kwaya chifukwa a drama ambiri amathera mukwaya. Ngati ankakhala ku Matero, Mtendere, Kalingalinga kapena Chilenje, nyumba ya makolo nthawi zambiri ikadali pomwepo, ndipo ngakhale anasamuka, amayi a pa kantemba kapafupi adzakulozerani. Lankhulani mwaulemu, nenani kuti ndinu ndani, mwana wa ndani, munkachita naye chiyani. Munthu wachilendo wofunsa za mwana wa eni ake popanda kudzifotokoza amaoneka ngati wa ngongole, ndipo adzakuyankhani kuti sitimudziwa pomwe ali m'nyumbamo.

Mukapatsidwa nambala, kapena muli ndi yakale mufoni, musathamangire kuimba. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito makampani amaipereka kwa munthu wina. Lowani pa Airtel Money kapena MTN MoMo ngati mukufuna kutumiza kandalama kochepa, musanaike pini imakuonetsani dzina la mwini nambala, mukaliona mukanseleko. Likakhala dzina lina si kuti basi zatha, ena analembetsa simu ndi NRC ya amuna awo kapena ya achimwene awo, koma mwadziwako poyambira.

Ndiye funso lovuta, lomwe muyenera kufunsa amene wakupatsani nambalayo musanachite chilichonse: kodi ali moyo, ali bwino? Amene tinali m'magulu m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 tikudziwa mmene matenda anatidulira, tinkasewera za maliro pa siteji Loweruka n'kukaika mnzathu ku Chingwere kapena ku Leopards Hill mkati mwa sabata. Palibe chowawa ngati kuimba mwachisangalalo kuti ndipatseni Sing'anga, n'kuyankhidwa ndi mwana wake kuti adadi anatisiya kalekale. Mukamva kuti anamwalira, musaike chithunzi chake pa Facebook ndi RIP tsiku lomwelo ngati mwatulukira nkhani yatsopano. Pitani kaye kwa abale, awiri kapena atatu, tengani shuga ndi kachipepeso, khalani pansi. Ngati muli ndi chithunzi chake ali mukositiyumu chisindikizeni muwasiyire ana ake, ambiri sadziwa n'komwe kuti bambo awo kapena mayi awo ankagwetsa holo yonse ndi kuseka.

Kwa amoyo, meseji yoyamba isakhale "bwanji, mukundikumbukira?" kuchokera pa nambala yosadziwika. Masiku ano ndi akuba a pa foni aja a tumizani ndalama pa nambala iyi, aliyense amangoona n'kusiya. Tumizani voisi noti. Tchulani dzina lanu la pa siteji, nenani mzere umodzi wa m'sewero lanu lakale ndi mawu omwe aja, kapena yambani kanyimbo kolowera pa siteji kaja. Munthu amene anaiwala nkhope yanu saiwala mzere umene ankauyankha. Akapanda kuyankha dikirani sabata, yesaninso kamodzi, basi musiyeni. Ena analowa mipingo yomwe siifuna za ng'oma, ena moyo unawapanikiza ndipo safuna kuonedwa, si udindo wanu kuwakoka.

Mukapeza anayi kapena asanu, akwana. Musadikire onse. Sankhani sewero lenileni, tsiku lenileni, muwauze kuti tikupita kukaonera, osati tikumane tikambirane. Lusaka Playhouse ili pa kona ya Church Road ndi Nasser Road, inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 nthawi imene inali ya azungu okhaokha, ndipo mpaka lero ndi pomwe anthu a zisudzo amadziwa kuti akapita apeza wina wodziwana naye. Yang'anani mapositala pageti kapena pa Facebook. Ku Alliance Française nakonso kumachitika zinthu, a Barefeet Theatre amene anayamba mu 2006 ndi ana a mumsewu amakhala ndi zoonetsa zawo, ndipo pa 27 Malichi ndi tsiku la zisudzo padziko lonse, chifukwa chabwino choitanira anthu. Ine koma ndimakonda mafesitivo a ana asukulu pa ulendo woyamba, khomo silidula, amachitika masana, ndipo kuona kamwana ka giredi 10 katapaka choko kumutu kakuyenda ndi ndodo ngati agogo kumamasula anthu kuposa sewero lililonse la akatswiri. Mudzaona mnzanu amene wakhala chete njira yonse akuyamba kunong'oneza kuti kameneka kakupatsa odiyensi msana.

Tsiku musankhe mwanzeru. Pakati pa mwezi anthu alibe ndalama, sabata ya malipiro ndi yodzaza makitcheni pate, matebeto ndi maukwati, ndiye sabata yotsatira malipiro ndi yabwinoko. Ngati pali wa Sabata pagulu, Loweruka masana mwamutaya, ganizirani Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi. Loweruka lomaliza la Febuluwale ena ali ku Nc'wala ku Mtenguleni, lomaliza la Ogasiti ali ku Kulamba ku Mkaika, musalimbane nazo. Nthawi ya mvula wochokera ku Kanyama atha kulephera kutuluka ndi madzi, mu Juni ndi Julayi akumbutseni majuzi. Sewero la usiku vuto ndi pobwerera, maminibasi amachepa kukada, ndiye gwirizanani kale amene akulowera mbali imodzi asonkherane takisi ya Yango. Tikiti aliyense adzilipirire, koma inu amene mwaitana dziwani mwakachetechete amene zamuvuta, mumutumizire yake ndi ya basi dzulo lake, osalengeza.

Tsopano adani awiri enieni, ntchito za pakhomo ndi TV. Musaseke, anthu ambiri amene amati ndibwera n'kusabwera si kuti sakufuna, ndi kuti Loweruka ndi tsiku lokhalo lochapa mayunifomu, kukolopa, kupita ku msika wa Soweto kukagula ndiwo za sabata, kuluka ana tsitsi. Ndiye auzeni masabata awiri zisanachitike kuti akonze. Zovala zinyikidwe Lachisanu madzulo, zichapidwe m'mamawa madzi akadali kutuluka pampopi, pofika 10 koloko zili pachingwe. Nyemba ziikidwe pa mbaula m'mawa ndi malasha okwanira, zikapsa otsala pakhomo angophika nsima. Kusita musadalire kuti ndisita ndikamanyamuka, magetsi mukuwadziwa, kuyambira 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba tonse tinaphunzira kusita nthawi yomwe abwera ngakhale pakati pa usiku. Ndipo azibambo, izi si za amayi okha. Ngati akazi anu ndi amene anali a drama, tsiku limenelo mbale ndi zanu, ana ndi anu, musawaimbire sewero lili mkati kufunsa kuti mchere uli pati. Ngati ndinu amene mukupita, nenani kunyumba msanga kuti mukukumana ndi ndani, bwinonso muwatenge akazi anu, chifukwa nkhani ya munthu amene munkasewera naye ngati mkazi wanu zaka zija imafunika kuonekera poyera.

TV musainyoze, ena mwa anzathu omwewo ndi amene tikuwaona pa Zambezi Magic ndi pa ZNBC, ndipo ndi bwino kuti akudyerapo. Koma kunena zoona ndi imene inatikhazika pansi. Munthu amafika kunyumba watopa, rimoti ili pafupi, Playhouse ili kutali ndi mabasi awiri. Yankho lake n'losavuta, masewero ambiri a pa TV amabwerezedwa, la pa siteji mukaliphonya lapita. Okonda mpira wa ku England yang'anirani fikisicha musanasankhe tsiku, musaike sewero pa ola lomwe Arsenal ikumenya ndi Manchester United n'kumadabwa kuti amuna onse adwala mwadzidzidzi.

Tsiku likafika fikani msanga inuyo, imani panja poonekera chifukwa anthu asintha matupi ndipo ena achita manyazi kulowa okha. Mafoni asalire m'kati, inu amene munkakwiya ndi odiyensi yaphokoso musakhale oyamba. Sewero likatha musathamange, khalani penapake ndi zakumwa, kucheza kwenikweni ndi kumeneku. Mafunso ena asiyeni: unakwatiwa, ana angati, ukugwira kuti. Wofuna kunena adzanena yekha. Yambani ndi zomwe mwaonazo, ndani anakuwa m'malo molankhula, ndani anaiwala mzere n'kudzipulumutsa bwino, nkhani zakale zidzabwera zokha, ija ya ndevu za thonje zomwe zinagwa pakati pa mlandu, ija ya kugona m'kalasi pa matiresi ku fesitivo. Nkhani ya alawansi ija bungwe lina linapereka koma osafika kwa osewera idzatulukanso, imatuluka nthawi zonse. Ngati amene ankasunga thumba ali pomwepo, wina wamkulu aidule msanga ndi nthabwala, si tsiku la khoti.

Wina adzaimirira ndithu, atamwa pang'ono, kunena kuti tiyambitsenso gulu, tilembetse ku National Arts Council, tipeze masiponsa. Muombereni m'manja koma musasankhe komiti tsiku limenelo, marihesalo amafuna madzulo atatu anayi pa sabata ndipo anthu omwewa avutika kupeza Loweruka limodzi. Chomwe mungachite musanabalalike ndi kutulutsa pepala lija, muwerenge mayina otsala, aliyense atenge limodzi loti akalifufuze, musankhe amene adzayang'ane sewero lotsatira. Apa ndiye mutha kutsegula gulu la WhatsApp lija, adimini akhale amayi a makositiyumu, ndipo musanaike zithunzi za tsikulo pa Facebook funsani kaye aliyense ngati akulola, pali ena anauza abwana awo kuti ali kumaliro.