Kutumiza deta yaikulu ya kafukufuku ku yunivesite ina osadikira masiku

Musanayambe kukopa chilichonse werengerani kaye nthawi. Deta ya 1 TB (1,000 GB) pa layini ya intaneti ya liwiro la 1 Gbps imatenga maola awiri ndi mphindi pang'ono, pa 100 Mbps maola pafupifupi 22, pa 10 Gbps mphindi 13 basi, ndiye ngati muli pa 10 Gbps koma zinthu zikukwawa tsiku lonse dziwani kuti penapake panjira pali vuto, musamangoti intaneti yavuta lero.

Nthawi zambiri vuto limakhala mapaketi otayika, tizidutswa ta deta tomwe timasowa panjira. TCP, njira yomwe makompyuta amatumizirana deta, ikangoona paketi yasowa imatsitsa liwiro yokha, ndipo omwe mukuwatumizira detawo akakhala kutali, mwina kontinenti ina, imachedwa kwambiri kukweranso. A ESnet, netiweki ya asayansi ku America, anaonetsa kuti kutaya paketi imodzi yokha pa 22,000 kumagwetsa layini ya 10 Gbps moonekeratu pa mtunda wautali. Ndiye yezani kaye layiniyo ndi pulogalamu ya iperf3 mbali zonse ziwiri, kapena ya perfSONAR ngati a IT anaiyika. Apa pokha musadumphe chonde, anthu amataya sabata yonse pa vuto loti akanaliona m'mawa umodzi.

Mukapeza kuti mapaketi akutayika, kaonaneni ndi a IT za firewall (mpanda wachitetezo wa netiweki), chifukwa yambiri inapangidwira maimelo ndi mawebusayiti, mtsinje wa deta ngati umenewu imalephera kuupirira. Afunseni ngati ali ndi Science DMZ, kagawo ka netiweki kapadera komwe kumakhala kompyuta ya ntchito imodzi yotumiza deta, amaitcha DTN. Deta yanu ikani pamenepo osati pa laputopu ya pa WiFi. Disiki nayo muione, hadi disiki wamba imodzi siingathe kudzaza layini ya 10 Gbps yomwe imafuna 1,250 MB pa sekondi.

Pulogalamu ine ndimakonda Globus, ya ku University of Chicago. Imatsegula njira zingapo nthawi imodzi, layini ikaduka imapitiriza yokha pomwe inalekezera, mutha kutseka browser n'kupita kokagona, ikamaliza imakutumizirani imelo. Chofunika n'choti mbali zonse ziwiri zikhale ndi endpoint, kompyuta yolumikizidwa ku Globus. Ngati palibe, pulogalamu ina, rsync -avP, ikuthandizani. Koma pulogalamu ya scp ayi, ikaduka pa 90% mumayambiranso pa ziro.

Timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timachedwetsa kuposa fayilo imodzi yaikulu, timangeni pamodzi mu fayilo imodzi ndi pulogalamu ya tar, koma zomwe zinapanikizidwa kale kukhala .gz musavutike kuzipanikizanso, sizichepa.

Ngati ndi deta ya odwala kapena ili ndi mayina a anthu, mgwirizano wa masukulu awiriwo usainidwe kaye, ndipo pa Globus chongani encrypt transfer kuti deta ibisike panjira. Zikafika, yendetsani sha256sum, pulogalamu yotulutsa nambala yozindikiritsa fayilo iliyonse, uku ndi uko, manambala akafanana ndi pomwe mungafufute zoyambazo.